Kodi Mkhristu Atani ndi Mantha Oopa Anthu Anzake?

Lamulungu lililonse tisanalandire Ukaristia wansembe amatiuza kuti tipatsane moni wa mtendere, ndipo timatembenukirana n'kugwirana chanza. Koma tinene zoona: pakati pa manja amene timagwirawo alipo ena amene atatipatsa chikho cha thobwa sitingamwe. Alipo anthu amene timaimba nawo Ulemu kwa Mulungu m'tchalitchi momwe muno, koma tikawaona akudutsa kuseri kwa nyumba yathu madzulo mtima umagunda. Makolo athu ankaopa mikango ndi afisi. Ife lero chotisowetsa tulo ndi munthu mnzathu.

Mantha amenewa sabwera opanda chifukwa. Mnyamata wa kabaza pa Namitete kapena pa Nsaru akamakweza munthu wosamudziwa dzuwa litalowa, amakumbukira kuti anzake ena adakwezapo munthu chonchi ndipo njinga sidabwerere, mwinanso mwini wake yemwe. Mayi wamasiye amaopa achibale a malemu mwamuna wake, kuti maliro akangotha ayamba kuwerenga malata ndi mbuzi. Mlimi amene fodya wake wagulidwa bwino ku Kanengo amabisa chimwemwe chake kuopa nsanje. Wina adabwereketsa ndalama osabwezeredwa; wina adaulula chinsinsi kwa bwenzi lake n'kukachimva mawa lake pa mjigo. Palinso mayi amene usiku amamvetsera mapazi a mwamuna wake kuti adziwe ngati lero kugonedwa mwamtendere kapena kuli zibakera. Onsewa akudziwa chimene akuopa. Ndiye tikamva kalata yoyamba ya Yohane, mutu 4 ndime 18, ikutiphunzitsa kuti chikondi chikakhwima mantha amasamuka, ena mwa ife timagwedeza mutu mwaulemu koma mumtima tikuti: wolembayo sadakhaleko m'mudzi mwathu muno.

Kodi chiphunzitso chimenechi ndi choona kwa munthu amene adapwetekedwapo kale, ndipo ali ndi chifukwa choganizira kuti angapwetekedwenso? Ngati ndi choona, chikutanthauza chiyani Lolemba m'mawa, zovala za kutchalitchi zitapindidwa?

Tiyambe tatula katundu amene ena amadzisenzetsa pachabe. Kuchita mantha si tchimo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 1767, amaphunzitsa kuti zobuka mumtima mwa munthu, monga mkwiyo, chisoni ndi mantha, pazokha sizikhala zabwino kapena zoipa. Chimene chimayesedwa ndi chomwe munthu wasankha kuchita nazo. Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Mpingo amene adamwalira mu 1274, adaona kuti mantha amabadwa kuchokera m'chikondi, pakuti timaopa kutaya chokhacho chimene timachikonda. Mayi amaopa chitsime chosavundikira chifukwa amakonda mwana wake wokwawa. Adanenanso kuti munthu wosaopa kanthu kalikonse ali ndi chilema mumtima: mwina sakonda moyo umene Mulungu adampatsa, mwina ndi wodzikuza, mwina nzeru zamuchepera. Ambuye Yesu eni ake adazunzika mumtima m'munda wa Getsemani, adani awo ali m'njira. Anthu a ku Nazarete atafuna kuwaponya kuphompho, adawadutsa n'kuchokapo. Yosefe adathawitsa banja lake usiku kupita ku Ejipito. Paulo adatsitsidwa m'dengu pa linga la Damasiko. Palibe mmodzi mwa amenewa amene Malembo amamudzudzula. Motero kukhoma chitseko usiku, kukana kukweza munthu wokayikitsa, kuperekeza mwana wamkazi popita kuchigayo, zonsezi ndi nzeru chabe, ndipo musamakaziulule kwa bambo mfumu ngati machimo.

Vuto limayamba mantha akalongedwa ufumu. Mantha ali ngati galu wa pakhomo, ntchito yake ndi kuuwa kuti mwini nyumba adzuke akaone. Tsono taganizani mudzi umene galuyo ndiye akuweruza milandu pabwalo. Sangaitane mboni, sangadikire kuti kuche, ndipo aliyense wa fungo lachilendo ndi wolakwa kale asanatsegule pakamwa. Ndi mmene mantha amaweruzira. N'chifukwa chake anthu ambiri amene amavulaza anzawo m'midzi mwathu, mukawayang'anitsitsa, mupeza kuti adayamba ndi kunjenjemera.

Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa idafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mumzinda wa Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulumagulu, ankatseka misewu ndi kusecha magalimoto, ndipo anthu osachepera 8 adaphedwa. Madokotala ndi apolisi sadapeze umboni woti wina adapopedwa magazi. Mu 2020 mphekesera yomweyo idafika m'maboma ena a kuno kuchigawo chapakati. Ku Neno, mu Januwale 2016, okalamba anayi a banja limodzi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe, chifukwa mphezi idapha mtsikana ndipo anthu adafuna wina woti amuloze chala. Lamulo la dziko lino la mu 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma pa tsiku la maliro adzidzidzi ndani amakumbukira lamulo? Amene adanyamula miyala ndi zikwanje m'malo onsewa ankadziuza kuti akuteteza ana awo. Ankaopa kuphedwa, ndipo adasanduka opha.

Koma sitiyenera kupita kutali chotero, chifukwa kuno kwathu tili nalo bala lathulathu. Pa 8 Okutobala 2019, dziko lili m'chipwirikiti chokhudza zotsatira za chisankho cha mu Meyi chaka chimenecho, anthu adatseka msewu wa Lilongwe–Mchinji pa Msundwe. Apolisi atabwera, mkulu wina wa iwo, a Usumani Imedi, adagendedwa mpaka kufa. Zimene zidatsatira tonse tikuzidziwa, ngakhale ambiri sitikonda kuzitchula. Apolisi adalowa pa Msundwe, pa Mpingu ndi kwa M'bwatalika ndi utsi wokhetsa misozi, amuna ambiri adathawa, ndipo amayi ndi atsikana amene adapezeka m'nyumba adagwiriridwa ndi kuchitidwa zamanyazi. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission lidafufuza n'kutsimikiza kuti zimenezi zidachitikadi.

Ndisamveke molakwa. Kupha munthu ndi miyala ndi tchimo lalikulu, kugwirira mayi ndi tchimo lalikulu, ndipo palibe amene angabisale kuseri kwa mantha pa zinthu ziwirizi. Amayi aja sadalakwire munthu aliyense. Koma taonani chimene chidachitika m'maso mwa anthu manja asanachite kanthu. Kwa ogenda aja, a Imedi adaleka kukhala munthu wokhala ndi dzina ndi abale omudikira kunyumba, adangokhala yunifolomu. Kwa ogwirira aja, amayiwo adaleka kukhala amayi a ana, alongo a anthu. Adangokhala "a ku Msundwe". Ndipo kubwezera, mukakusenda makoko, mkati mwake muli ganizo ili: ndiwaopseze kwambiri kuti ine ndisadzawaopenso. Kodi zidatheka? Mantha adangochuluka mbali zonse. Mwana amene adaona zimenezi akaona galimoto ya polisi mtima umamuchoka. Wapolisi wotumizidwa kudera lino amabwera atamva kale mbiri. Dzina la Msundwe lidasanduka choopsezera ndi nthabwala pa Facebook, ngati kuti kumeneko kulibe alimi, aphunzitsi, amayi ogulitsa tomato ndi akhristu opemphera kolona.

Tsono mayi wopwetekedwa chotero atakhala nafe pa benchi limodzi lero, timuuza chiyani za chikondi? Pano m'pamene akhristufe timaterereka kawirikawiri. Timathamangira kunena kuti: khululukani, iwalani, siyirani Mulungu. Mawu ake ndi ofatsa, koma akanenedwa msanga chotero amathandiza wolakwa, ndipo wolakwiridwa amabwerera kunyumba ali yekhayekha ndi mantha ake, ataonjezeredwanso mlandu woti ndi wouma mtima.

Amayi ndi atsikana 18 a m'madera aja adasankha kuyankhula. Mothandizidwa ndi bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association adapita kukhoti, ndipo mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe adagamula kuti apatsidwe chipepeso ndi kuti olakwawo afufuzidwe. Amene akudziwa moyo wa m'mudzi akudziwa mtengo wa kuyankhula kotere. Kwathu kuno manyazi amakonda kugwera wochitiridwa choipa, ndipo amene ankamunenera mlanduwo ndi anthu a mfuti. Ine ndikuona kuti ngati tikufuna chitsanzo cha mantha ochotsedwa pampando, n'chimenechi. Kaya aliyense wa iwo adali ndi chifukwa chake chotani mumtima, chimene adachita chidatchinjiriza ana aakazi a tonsefe, ndipo chidachitira zabwino ngakhale apolisi oongoka, amene sangagwire ntchito pakati pa anthu owaona ngati zilombo.

Papa Francis, m'kalata yake ya Fratelli Tutti imene adasaina ku Assisi pa 3 Okutobala 2020, adafotokoza pa nambala 241 kuti kukonda munthu wopondereza anzake sikutanthauza kumulola apitirize. Kumukonda kwenikweni ndi kufuna njira yomuletsera, ndipo wolakwiridwa ali ndi ufulu wofuna chilungamo. Izi sizachilendo m'Malembo. Yesu yemwe adaphunzitsa za kupereka tsaya lachiwiri, atamenyedwa pama pamaso pa Anasi adamufunsa womenyayo chifukwa chake (Yohane 18:22-23). Sadabwezere, komanso sadakhale chete. Paulo atakwapulidwa ku Filipi popanda kuzengedwa mlandu, adakana kutulutsidwa m'ndende mwakachetechete, adati akuluakulu a mzindawo abwere okha adzamutulutse (Ntchito 16). Kupereka tsaya lachiwiri ndi kukana kusanduka chimene mdani wako ali. Amene amakusandutsa chilolezo cha womenya sadawerenge Mthenga Wabwino mpaka kumapeto.

Ndikhalepo pang'ono apa chifukwa cha amayi, ndi abambo ena omwe, amene mantha awo ali m'nyumba mwawo momwe. Mawu oti banja n'kupirira ali ndi malo ake: kupirira umphawi, matenda, chaka cha njala, lilime la apongozi. Koma Mpingo suphunzitsa kuti munthu adikire imfa pansi pa chibakera. Malamulo a Mpingo, pa nambala 1153, amalola kuti mwamuna kapena mkazi apatukane ndi mnzake ngati mnzakeyo akuika pangozi yaikulu moyo kapena mzimu wake, kapena wa ana. Ukwati sunathe, koma munthu amaloledwa kukakhala potetezeka. Dziko nalonso lili ndi lamulo la mu 2006 loletsa nkhanza za m'banja, ndipo khoti lingathe kupereka chiletso kwa wankhanza. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo pa nkhani za ana pali nambala yaulere ya 116. Ankhoswe, alangizi a mabanja ndi atsogoleri a miphakati, tisabwezere mayi wotupa nkhope kunyumba ndi mawu a m'Baibulo okha. Mwamuna womenyayo nayenso akutayika, ndipo amene amamubisira mlandu sakumukonda.

Komabe mantha athu ambiri si a mtundu umenewu. Ambiri ndi oopa munthu amene adatilakwira kalekale, kapena amene tidangomva mbiri yake, kapena wofanana ndi wina amene adatipweteka. Pa mantha oterewa ndimakonda nkhani ya Ananiya wa ku Damasiko (Ntchito 9). Ambuye adamutuma kwa Saulo, munthu amene adavomereza kuphedwa kwa Stefano ndipo adabwera mumzindamo ndi makalata omangira akhristu. Ananiya sadanamizire kulimba mtima. Adawauza Ambuye mosabisa zimene adamva za munthuyo, ngati kuti akuwakumbutsa chimene aiwala. Pemphero lotere ndi labwino, ndipo ambiri a ife sitidalipempherepo: kutchula pamaso pa Mulungu dzina la munthu amene timamuopa, ndi chimene tikuganiza kuti angatichite. Atatero adanyamuka, adalowa m'nyumbamo, adamusanjika manja, ndipo pomuyankhula adamutcha mbale. Malembo satiuza kuti mantha adayamba atha ndipo kenaka adanyamuka. Miyendo idayenda mtima ukugundabe. Ndipo chimene adakapeza m'nyumba muja ndi munthu wakhungu amene sadadye masiku atatu. Chilombo chimene ankachiopa chidali chikudikira wina woti achigwire dzanja.

Nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri imene sitiilalikira kawirikawiri. Saulo atafika ku Yerusalemu, ophunzira adamuopabe, osakhulupirira kuti wasinthadi. Padafunika Barnabasi kuti amutenge, akamuimire umboni pamaso pa atumwi. Luka sawadzudzula ophunzirawo. Apa tikuphunzira kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene timazisokoneza: kukonda munthu ndi kumukhulupirira. Chikondi ndi ngongole imene tili nayo kwa munthu aliyense, lero lomwe, ngakhale asanasinthe. Ndiko kumufunira zabwino, kukana kumuchitira choipa, kumuthandiza akagwa m'mavuto. Kukhulupirira munthu kumamera pang'onopang'ono ngati mtengo wa mango, ndipo kumafuna umboni. Amene adadya ndalama za banki m'khonde tingathe kumukhululukira, kumuyendera akadwala, kukumba nawo manda a mwana wake, koma osamupatsanso bokosi la ndalama chaka chino. Anthu ambiri amakana kukhululuka chifukwa amaganiza kuti akakhululuka ndiye kuti aperekanso makiyi. Akadziwa kuti makiyi angathe kukhala nawo, mtima umayamba kumasuka.

Papa John Paul II adaomberedwa ndi mfuti pa bwalo la St Peter's ku Rome pa 13 Meyi 1981. Ali chigonere m'chipatala adalengeza kuti wamukhululukira womuomberayo, Mehmet Ali Ağca, ndipo pa 27 Disembala 1983 adapita kukakhala naye pansi m'ndende ya Rebibbia. Atatha kucheza Papa adatuluka, chitseko cha ndende chidatsekedwa, ndipo Ağca adakhalabe m'ndende ya ku Italy mpaka mu 2000. Papa sadaleke kupita pakati pa makamu a anthu. Mu Meyi 1989 adafika kuno ku Malawi, ndipo achikulire ena pakati pathu adamuona ndi maso awo. Koma kuyambira pamene adaomberedwa, kawirikawiri ankayenda m'galimoto ya magalasi osalowa chipolopolo. Kukhululuka, chilungamo ndi kusamala zidayendera limodzi osapondana.

Wina anena kuti: zonsezi zamveka, nanga ndikatsegula mtima n'kupwetekedwanso? Yankho loona ndi lakuti zingathe kuchitika. Chikhristu sichilonjeza kuti wokonda anzake sadzalasidwa. Chizindikiro chathu ndi mtanda, ndipo amene adapachikidwapo adaperekedwa ndi munthu wodya naye m'mbale imodzi. Koma tiwerengerenso mtengo wa mbali inayo, chifukwa mantha nawonso salonjeza kanthu ndipo amalipiritsa tsiku ndi tsiku. Munthu amene watsimikiza kuti sadzapwetekedwanso amayamba kudula mizu yake mmodzimmodzi: sapita kumphakati kuopa miseche, sadya pamaliro kuopa tameki, sauza munthu za matenda ake kuopa kusekedwa, amagulitsa mbuzi kuti sing'anga adzatsirike nyumba, ndipo sing'angayo pochoka amamusiyira dzina la mdani watsopano, nthawi zambiri azakhali ake omwe. Tsono usiku wina mwana akadzakomoka, ndani adzamange ng'ombe pa ngolo kuthamangira ku St Gabriel's kapena ku Kabudula? Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama. Wodzitsekera uja wapewa mabala ena, inde, koma wadzipatsa yekha bala limene ankaopa kuti anthu amupatsa, la kusiyidwa yekha.

Mantha amatilandanso mwayi wochita zabwino, ndipo apa mpamene amayandikira uchimo. M'fanizo la Msamariya wachifundo (Luka 10) sitiuzidwa chifukwa chimene wansembe ndi Mlevi adalambalalira munthu wovulala uja, koma aliyense amene adayendapo usiku pa msewu wafumbi wa ku Nambuma angathe kulota: mwina achifwamba akadali m'tchire momwemo, mwina ndi msampha, mwina akandifera m'manja apolisi adzati ndine ndamupha. Zifukwa zomveka zonsezi, ndipo Msamariya nayenso adali nazo, kuonjezapo choti adali mlendo wodedwa m'dera limenelo. Kusiyana kwake n'kwakuti iye adayang'ana munthu wogona pansiyo nthawi yokwanira mpaka tsoka la munthuyo lidamukulira kuposa lake. Chikondi chimachotsa mantha m'njira imeneyi: chimatembenuza maso. Mayi woopa njoka amalowa m'tchire mosaganiza kawiri akamva mwana wake akulira momwemo.

Nanga mphamvu yotembenuzira maso chotere imachokera kuti? Tikawerenga bwino ndime ya Yohane ija, tipeza kuti poyamba ikunena za kuopa chiweruzo cha Mulungu, ndipo ndime yotsatira ikutikumbutsa kuti Mulungu ndiye adayamba kutikonda; pambuyo pake m'pamene ikutembenukira kwa mbale amene timamuona ndi maso. Dongosolo limeneli ndi lofunika. Munthu amene ulemu wake wonse uli pakamwa pa anthu ayenera kuopa pakamwa paliponse. Amene chuma chake chonse chili m'nkhokwe ayenera kuopa phazi lililonse. Koma amene wamvetsa kuti pa ubatizo adalandira dzina limene miseche singalifufute, ndi moyo umene chikwanje sichingaufikire, ali ndi kanthu kamene sikali pa malonda. Adzamva kuwawa akanyozedwa, adzalira akaberedwa, koma sadzatha. Kwa mayi wogwiriridwa, kwa gogo wotchedwa mfiti, uthenga woyamba wa Mpingo uyenera kukhala umenewu: chimene adakuchitirani sichidakhudze chimene muli pamaso pa Mulungu, ndipo manyazi ndi a iwo. Za kukhululuka zidzabwera m'nthawi yake, mwina patapita zaka, ndipo sitiyenera kuziwerengera masiku.

Chinanso n'chakuti palibe amene adagonjetsa mantha otere ali yekha, ndipo mbiri ya Mpingo wathu ikuchitira umboni. Miphakati imene timasonkhanamo idakhazikika m'dayosizi ya Lilongwe kudzera mu sinodi yaing'ono ya 1973 mpaka 1975, motsogozedwa ndi Ambuye Patrick Kalilombe. Achikulire akukumbukira nyengo imeneyo: munthu sankadziwa ngati woyandikana naye ndi kazitape, ndipo mawu amodzi onenedwa pamowa ankatha kumusowetsa. M'nyengo yotero Mpingo udauza akhristu kuti azikumana m'magulu ang'onoang'ono m'midzi, azimva Mawu a Mulungu ndi kukambirana mavuto awo. Boma lidakayikira magulu amenewa, ndipo Ambuye Kalilombe adakakamizika kukakhala kunja kwa dziko zaka zambiri. Miphakati idatsala. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya aepiskopi idawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse, yotchula poyera kupanda chilungamo ndi mantha amene adakuta dziko. Aepiskopi adaitanidwa kupolisi, kalatayo idaletsedwa, ena adaopsezedwa kuti aphedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Ansembe ndi akatekisiti amene adaimirira kuwerenga tsiku limenelo ankadziwa kuti m'mabenchi mungathe kukhala wokanena. Chidawalimbitsa n'chakuti tsiku lomwelo, ola lomwelo, anzawo ankawerenganso kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavota pa riferendamu. Lero sitiopanso kadi la chipani, koma kukayikirana kudatsalira m'magazi, ndipo kwangopeza nkhope zatsopano.

Ndiye tiyambire pati? Osati pa munthu woopsa kwambiri m'moyo mwanu. Yambani ndi pemphero la Ananiya lija, kutchula dzina la amene mumamuopa, ndi kumupempherera chabwino chimodzi chenicheni, monga kuti ana ake akhoze mayeso kapena kuti asiye kachasu. Masiku oyamba pakamwa pamalemera, pitirizani. Uthenga woopseza ukafika pa WhatsApp, woti kwakuti kwaoneka anthu achilendo, funsani amene adaona ndi maso ake musanautumize kwa wina, pakuti miyala ya mu 2017 idayamba ndi mawu. Wakuba akagwidwa m'dimba ndipo khamu layamba kufuna petulo, pamafunika anthu atatu kapena anayi odziwika bwino oti aime pafupi naye mpaka amfumu kapena apolisi afike. Mmodzi yekha angathe kukankhidwa, koma anayi a mphakati umodzi atagwirizana kale amamveka. Zotere zimafunika kupangana kusanachitike kanthu, pa msonkhano wamba wa mphakati, pamodzi ndi a Chilungamo ndi Mtendere. Wapolisi amene amapemphera nafe, ndi banja lake, tiwaitane ku mphakati ngati wina aliyense. Ndipo amene ali ndi bala lakuya asakakamizidwe kukumana ndi womulakwira. Iye apatsidwe anthu omumvetsera ndi omuperekeza kumene akufuna kukadandaula.

Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli gogo amene ana amauzidwa kuti asadutse pakhomo pake. Mphakati ukakumana sabata ino, mutchuleni dzina ndipo musankhe oti akamuone. Ambuye adatuma ophunzira awo awiriawiri, ndiye musapite nokha. Pitani awiri kapena atatu, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Tengani kaufa, kamchere kapena mtolo wa nkhuni. Akakuyalirani mphasa khalani pansi, akakupatsani mtedza idyani. Ulendo woyamba nkhani sizidzayenda bwino, chifukwa nayenso adzakhala akukuopani: kwa zaka zambiri aliyense wofika pakhomo pake amabwera ndi mlandu. Adzakhala akudikira kuti munene chimene mwabwerera. Muuzeni kuti mwangobwera kudzamuona, yang'anani ngati denga likudontha, ndipo mubwererenso mwezi usanathe.